Mawu a pa Bala Yachisanu

Bryony atafika pabwalo la tchalitchi cha ku Withenby anapeza minibasi itaima kale, mazenera ali mbuu ndi nkhungu ya m'mawa. Rowan anali atatsamira chitseko, makiyi ali m'manja, kolala ya jekete ataikwezera m'makutu.

"Wabweradi," anatero.

"Umayesa ndithawa?"

Anasendera pafupi kuti amupsompsone, koma mwamunayo anayamba wacheukira kumsewu. Bryony anangolanda makiyiwo.

Chibwenzi chawo chinali ndi miyezi isanu ndi itatu, ndipo miyezi yonseyo chinakulira m'tauni, m'khitchini mwa Bryony, makatani ali otseka. Kumudzi kuno Rowan anali akadali mwamuna wa Delia, ngakhale kuti Deliayo anali atagona kumanda a kuseri kwa tchalitchichi zaka zitatu. Anzake onse anali anzake a Delia. Apongozi ake, mayi Enid, ndiwo anali eni bala ya m'mudzimo, ndipo Lamulungu lililonse ankamuphikirabe nkhomaliro. Mwezi wathawu Rowan anafunsira ukwati. Bryony anavomera, koma anamuuza mosapsatira kuti mkazi wa zaka makumi anayi ndi zitatu sabisidwa ngati ndudu ya mwana wasukulu. Ndiye anapangana tsiku loti Rowan aulule pagulu: Loweruka lino, pamene gulu la okonda mowa wa m'migolo limayendera mabala asanu a kumidzi, monga limachitira kamodzi pachaka. Rowan anati njira yosavuta yomulowetsera m'gululo ndi yoti ayendetse galimoto.

"Lero, Rowan. Pamaso pa onse."

"Ndikudziwa, Bry. Ungondipatsa mpata ndipeze nthawi yabwino."

"Galimoto yanga ndaisiya kunyumba dala, kuti ndimwe nawo ukanena. Basi yobwerera kutauni imadutsa sikisi koloko. Ikandipeza ndikadali dalaivala, ndikwera ndekha."

Anthu anayamba kutulukira m'tinjira, atavala majuzi ochindikala ndi nsapato zamatope. Patsogolo panali a Wilfred, wapampando wa gululo, nkhalamba ya ndevu zofika pachifuwa, kabuku kakulendewera pa chingwe m'khosi.

"Nanga awa, Rowan? Watipezera mlamu?"

Mpata woti aulule unapezeka wokha pamenepo. Rowan anangoseka.

"Awa ndi a Bryony, madala. Atiyendetsa lero."

Anamutchula ngati mmene munthu amatchulira namwino amene wangomuona kamodzi.

Womaliza kufika anali Philippa, mnzake wa malemu Delia kuyambira ali ana, atavala chikhoti chofiira chosayenera matope. Sanafunse munthu. Anatsegula chitseko chakutsogolo n'kukhala pakati pa dalaivala ndi Rowan.

"Ine kumbuyo ndimachita nseru, achemwali," anatero akumanga lamba. "Simudandaula, eti?"

* * *

Bala yoyamba inali pamwamba pa phiri, pakati pa mipanda yamiyala ndi nkhosa zonyowa. Denga linali lalifupi moti Rowan analowa chowerama. Onse anathamangira kutsogolo kukawerenga mayina a mowa pa mipope yotungira mowawo, akukankhana ndi zigongono.

"Ulendo woyamba ndigula ndine!" anafuula a Wilfred, akuwerenga mitu ndi chala. "Khumi ndi mmodzi. Ndi madzi a mandimu a adalaivala."

Mwini bala, mayi wa mikono ikuluikulu, ankakoka mpope pang'onopang'ono, mowa ukukwera m'tambula ndi kathovu kake pamwamba. Palibe amene anamwa nthawi yomweyo. Anayamba aukwezera kuzenera, kuuyang'anitsitsa ngati dokotala akuona chithunzi cha fupa lothyoka, kenako kununkhiza.

"Ukumveka mtedza wokazinga," anatero a Wilfred.

"Mtedza wake uti?" anayankha bambo wina wadazi. "Ndi chakudya cha dzulo chakodwa m'ndevu zanuzo."

"Iwe khala chete. Lilime lako linafa tsiku lija unamwa wa m'chitini pa ukwati wa mwana wako."

"Anali waulere, madala!"

"Ngakhale madzi a m'ngalande ndi aulere."

Tebulo lalitali linali ndi mipando khumi ndi iwiri, koma wa khumi ndi chiwiriwo anaunjikapo majekete. Bryony anatenga tambula yake n'kukakhala pazenera, pafupi ndi galu wa pamalopo, amene anamununkhiza kamodzi n'kugonanso. Mowawu ankaudziwa kuposa theka la anthu amenewa. Bambo ake anakhoma migolo zaka makumi atatu, ndipo iye anakula akudziwa kusiyanitsa mgolo wotsegulidwa dzulo ndi wa Lachiwiri pongomva fungo. Koma dalaivala safunsidwa za mowa.

Ali pomwepo anaona Philippa akutambasula dzanja, kutenga tambula ya Rowan osapempha, kulawa, n'kuibweza ili ndi chidindo chofiira cha milomo m'mphepete. Rowan anailandira. Anangoitembenuza n'kumwera mbali inayo. Bryony anaona zonse ziwirizo, ndipo sanadziwe kuti asunge chiti.

* * *

Pa bala yachiwiri a Wilfred anamumvera chisoni. Anabwera ndi dzira loviikidwa mu viniga pa kambale n'kudziponya pabenchi pambali pake.

"Idyani, mayi. Dalaivala wanjala amatigwetsera m'dzenje."

"Zikomo, bambo."

"Musaone ngati takutayani. Udalaivala ndi mtanda, tonse tinausenzapo. Chaka chimene ndinayendetsa ine ndinalira misozi yeniyeni pa bala ino, nditaona akutsegula mgolo watsopano wa mowa wakuda." Anapukuta ndevu. "Rowan wakuuzani malamulo athu?"

"Sanandiuze zambiri."

"Alipo awiri okha. Loyamba, dalaivala samwa mpaka atapereka makiyi, koma akapereka ndiye woyamba kumwa. Lachiwiri, mawu a pa bala yachisanu sawerengedwa."

Bryony anasiya dziralo.

"Sawerengedwa bwanji?"

"Munthu akadutsa mabala anayi, pakamwa pamakhala si pake. Pa yachisanu anthu anagulitsanapo mathirakitala. Wadazi uja anatukwana abusa pamaso pawo. Ine ndemwe ndinalumbira kuti ndisambira m'dziwe la kuchigayo tsiku la Khirisimasi. Likafika Lolemba, palibe wokumbutsa mnzake. Ngakhale m'kabuku muno sindilemba. N'chifukwa chake gulu lino latha zaka makumi awiri osapasuka."

"Rowan amalidziwa lamulo limeneli?"

"Iih, si ndi amene analiyambitsa? Iyeyo ndi malemu mkazi wake."

Nkhalambayo itapita kukathetsa mkangano wina wa thovu, Bryony anatulutsa foni. Rowan anali mbali ina ya chipindacho, mayadi asanu okha, koma anamulembera ngati ali kutsidya kwa nyanja.

*Ukanenera pa bala iti?*

Anamuona akuisolola foni pansi pa tebulo.

*Ndimaganiza kwa amayi, pomaliza. Onse akakhala pamodzi.*

*Yachisanu? A Wilfred andiuza lamulo lanu.*

Rowan analemba, anafufuta, analembanso. Makutu ake anafiira.

*Si choncho, Bry. Sindinaganize n'komwe zimenezo.*

*Yachitatu kapena yachinayi. Sankha.*

*Yachinayi. Ndikulonjeza.*

Rowan anadzutsa mutu kuti amumwetulire, koma Philippa anali atamugwira kale chibwano, akumuchotsa thovu pamlomo ndi chala.

* * *

Nkhomaliro anadyera pa bala yachitatu. Amene anaimba foni kusungitsa malo anatchula anthu khumi ndi mmodzi, ndiye Bryony anadyera chitumbuwa chake cha nyama pa kauntala, atakhala pa mpando wautali, akuyang'ana mabotolo. Kumbuyo kwake kunkaphulika chiseko, kenako chete, kenako chiseko china. Nkhani zake zinkayamba ndi "mukukumbukira chaka chija", ndipo m'chaka chilichonse munali Delia.

Fungo la mafuta onunkhira linafika Philippa asanafike.

"Mukuyendetsa bwino, achemwali. Mabuleki okha mumaponda mochedwa."

"Ndimaponda pofunika."

"Ndi Rowan munadziwana kuti?"

"Kutauni."

"Lachitatu, eti?" Philippa anaitanitsa matambula anayi n'kutsamira kauntala. "Kuno tonse timadziwa kuti Lachitatu amapita kukawongoletsa msana. Ndiye ukupeza bwanji msanawo?"

"Mumufunse mwiniwake."

"Musakwiye. Ine ndikungofuna kukuthandizani, mungachite manyazi pagulu. Delia masabata omaliza aja ndinkamusambitsa ndine. Malaya amene wavala Rowan lerowa ndasita ndine. Mayi Enid akadwala, makiyi a bala amasiyira ine. Inu mwamuona Lachitatu lokha. Rowan ndi munthu wabwino, vuto lake satha kukana. Ngakhale galu wosokera akakanda chitseko amamutsegulira."

Bryony anameza chimene amatafuna, n'kupukuta pakamwa mosafulumira.

"Ndiye inu munalowera chitseko chomwecho?"

Kumwetulira kwa Philippa sikunasunthe, koma khosi linatuluka mawanga ofiira. Ananyamula matambula anayi aja ndi manja awiri, osataya ngakhale dontho, n'kubwerera kutebulo kumene mpando wake unali kumudikira.

Bryony anadziwa kuti wapambana mkanganowo. Koma kupambana kopanda wokuonerera sikufunditsa. Chitumbuwa chinali chitazizira, ndipo mafuta anali atagwirana m'mphepete mwa mbale.

* * *

Bala yachinayi inali m'chigayo chakale, m'mbali mwa mtsinje. Inali fili koloko, ndipo mawu a anthu anali atakwera. A Wilfred zolemba zawo zinali zitayamba kutsetsereka pa mzere. Wadazi uja ankafotokozera aliyense kuti mowa wa pano ukukoma ngati mkate wopserera, koma mwaubwino.

Bryony anaima pafupi ndi moto, manja ali m'matumba, maso ali pa Rowan. Sanamulembere uthenga. Anangomuyang'ana mpaka mwamunayo anaimirira.

Rowan anagogoda tambula ndi supuni.

"Anzanga, tamverani pang'ono."

"Chete! Wamasiye akufuna kulankhula!"

"Pali munthu pano," anayamba, n'kukhosomola. "Pali munthu pano amene..."

Maso ake anakumana ndi a Bryony. Kenako anatsikira pa chikhoti chofiira chimene chinali pambali pake. Philippa sanadzutse mutu, ankangozunguza tambula yake pa tebulo.

"...amene watiyendetsa bwino kwambiri lero. Tiwaombere m'manja a Bryony."

Anaomba m'manja ndi mtima wonse, anthu abwino, ena mpaka kuimba mluzu. Bryony anagwedeza mutu ngati munthu woyamikiridwa, n'kutuluka.

M'minibasi munkanunkha majuzi onyowa ndi tchipisi za anyezi. Mvula inali itayamba, yamawawa, yosadziwika ngati ikugwa kapena yangoima m'mwamba. Patapita kanthawi Rowan anafika n'kuima pazenera la dalaivala, tsitsi litamatirira pachipumi. Bryony anatsitsa galasi theka.

"Amayi ayenera kumva choyamba, Bry. Akamvera kwa anthu ziwapweteka kwambiri."

"Unali ndi mwezi wathunthu. Malamulungu anayi. Mbale zinayi za nyama yowotcha."

"Sukuwadziwa."

"Sindikuwadziwadi. Amayenera kundidziwitsa ndani?"

"Ndikanena kumeneko. Ndikanena mokweza, aliyense amve."

"Pa yachisanu."

"Ine ndikadziwa kuti ndi zoona. Iwenso ukadziwa. Si zokwanira?"

"Zimenezo timadziwa kale m'khitchini mwanga. Chotsa zala."

Anakweza galasi.

Pobwerera ku Withenby anaimba nyimbo njira yonse, nyimbo yawoyawo ya gululo, yokhala ndi mayina a anthu amene Bryony sanawaonepo. Iye ankangoyang'ana msewu wopapatiza, zopukutira magalasi zikupita uku ndi uku, phewa la Philippa likumugunda pa kona iliyonse.

* * *

Bala ya mayi Enid inali yofunda, yonunkhira malasha ndi sopo wopukutira pansi. Pamwamba pa kauntala panali mzere wa misomali, ndipo pa msomali uliwonse pankalendewera chikho chachitsulo cha mwiniwake, monga zimakhalira m'mabala onse a kumidzi. Bryony anaika makiyi m'dzanja la a Wilfred.

"Dalaivala wamasuka!" inafuula nkhalambayo. "Wina asayerekeze kumwa dalaivala asanamwe! Enid ali kuti?"

"Ali m'chipinda cha pansi pa nyumba, akusintha mgolo," anatero Philippa, amene anali atalowa kale kuseri kwa kauntala ngati mwana wa pakhomo. Ena onse anali pakhomo, akulimbana ndi majekete ndi nsapato. Rowan anali atalowera kuchimbudzi.

"Wofiira kapena wakuda, achemwali?"

"Wakuda."

Philippa anatembenuka, anakoka mpope katatu, n'kumupatsa chikho chachitsulo atachifumbata ndi manja awiri.

"Dalaivala samwera m'tambula," anatero motsitsa mawu. "Ndi ulemu wathu."

Bryony anaganiza kuti gulu la malamulo ngati ili silingalephere kukhala ndi chikho cha dalaivala. Ndiponso anali ndi ludzu la tsiku lonse. Anakweza chikhocho n'kumwa, osapumira. Mowawo unali wozizira bwino, kuzizira kwa pansi pa nyumba, wolemera pa lilime, kuwawa kwake kukubwera kumapeto kwenikweni. Chinali chinthu choyamba chabwino chimene chinamuchitikira chichokereni m'mawa.

Atatsitsa chikhocho, m'chipindamo munali zii.

Pa khomo lotsikira pansi panaima mayi wamfupi wa imvi, epuloni yanyowa, maso ali pa dzanja la Bryony. Bryony anamva timizere pansi pa chala chake chachikulu. Anatembenuza chikhocho. Panalembedwa kuti DELIA.

"Zaka zitatu," anatero mayi Enid, osakweza mawu, "palibe mlomo wakhudza chikho chimenecho."

"Ine ndinathirira Delia monga chaka chilichonse, amayi," anatero Philippa, dzanja lili pachifuwa. "Ndinachiika apa kuti chikhale mpaka mawa mukathire kumanda. Ndangotembenuka kuti nditenge tambula, ndikuona anyamula kale."

Bryony sanatsutse. M'chipinda cha anthu khumi ndi awiri munalibe amene akanatenga mawu a dalaivala n'kusiya a Philippa. Anangoyang'ana Rowan, amene anali atangotulukira, akupukuta manja m'buluku.

"Sanadziwe, amayi," anatero Rowan.

"Ndiye ndi ndani ameneyu, woti alowe m'nyumba mwanga osadziwa?"

Rowan anadzandira pang'ono, n'kugwira msana wa mpando. Nkhope inafiira mpaka m'tsitsi.

"Ndi mkazi amene ndikumukwatira!" Mawu anatuluka okwera kuposa mmene amafunira. "Ndinamufunsira, anavomera. Mwamva nonse? Ndikukwatira Bryony!"

Mtima wa Bryony, wopusawo, unadumpha.

Kenako wadazi uja anamenya tebulo.

"Yayamba yachisanu!"

Chiseko chinaphulika, chiseko cha anthu amene apeza potulukira m'chipinda chautsi. "Chaka chamawa adzafunsira mpope!" wina anafuula. A Wilfred anatseka kabuku kawo n'kukalowetsa m'juzi. Amuna awiri anamugwira Rowan m'mapewa, akumusisita pamsana, n'kumukhazika pansi.

Ndipo Rowan analola kukhazikidwa. Bryony anaona bwinobwino. Anakhala pansi, wina anamupatsira tambula, ndipo pakona pa mlomo wake panatuluka kachiseko ka munthu amene wapulumuka.

Bryony anazungulira kauntala. Philippa anapatuka. Bryony anakhuthula mowa wotsalawo m'sinki, anatsuka chikhocho ndi madzi otentha, mkati ndi kunja, anachipukuta mpaka chinawala, n'kuchipereka kwa mayi Enid ndi manja awiri.

"Pepani, mayi. Ndikanadziwa sindikanachikhudza. Mowa wanu ndi wabwino, migolo mumaisamala."

Anatenga chikwama chake n'kutuluka. Palibe amene anamuletsa.

* * *

Pokwerera basi panali kadenga kamalata ndi benchi yonyowa mbali imodzi. Kunali kukuda. Kutsidya kwa msewu mazenera a bala anali kuwala chikasu, ndipo nyimbo ija inali itayambiranso.

Foni inanjenjemera.

*Ndanenatu, Bry. Wamva wekha. Uli kuti?*

Kenako: *Si vuto langa kuti aseka.*

Anaibwezera m'thumba. Atamva mapazi pa msewu anadzida yekha chifukwa cha mmene anatembenukira msanga. Sanali Rowan. Anali mayi Enid, atafunda chikhoti cha mwamuna pamwamba pa epuloni, ambulera ili m'manja. Anakhala mbali youma ya benchi ngati benchiyo ndi yawo.

"Chikho chija wakupatsa ndi Philippa," anatero.

"Mwadziwa bwanji?"

"Delia ankamwa wofiira. Wakuda ankati ukukoma ngati phula."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Pagulu? Mwana amene anasambitsa mwana wanga?" Anagwedeza ambulera, madzi n'kuwazikira pa nsapato za Bryony. "Za iwe ndinazidziwa kalekale. Mwamuna wodwala msana sabwera kuchipatala akuimba mluzu. Dzina lokha ndilo sindimalidziwa."

"Iye akuti akuopa kukupwetekani."

"Ine? Ndinaika mwamuna, ndinaika mwana. Andipweteka ndi ukwati?" Anaseka kamodzi, kowuma. "Sakuopa ine ameneyo. Sanakuuze za chaka chatha?"

Bryony anapukusa mutu.

"Chaka chatha, tsiku ngati lino, pamalo omwewo waima leropo, anafunsira Philippa. Anachita kugwada. Philippa anavomera. Zidakwa zija zinaseka ngati mmene zasekera lero, Lolemba n'kuiwala monga mwa lamulo lawo. Koma chaka chatha dalaivala anali Philippa. Anali atangopereka makiyi, asanamwe ngakhale dontho. Inenso ndinali kuseri kwa mipope, ndipo ine mowa ndimagulitsa, sindimwa. Ndiye ife awiri sitinaiwale. Rowan mawu amenewo sanawabwerezepo, komanso sanawabwezepo. Mtsikana uja watha chaka akusita malaya, akudikira kuti amve ngati anawerengedwa."

Mvula inkagogoda malata. Bryony anawerengera m'mutu. Miyezi khumi ndi iwiri, kuchotsapo isanu ndi itatu. Ndiye kuti tsiku limene Rowan analowa koyamba m'khitchini mwake, atanyamula maluwa a pa malo omwetsera mafuta, mawu aja anali ndi miyezi inayi yokha. Anafuna kukwiyira Philippa monga anachitira tsiku lonse, koma mkwiyowo unasowa pogwira.

"Mukundiuziranji zimenezi?"

"Chifukwa ndatopa kuphikira mwamuna wamantha. Mapanga awiri avumbwitsa, koma uyu akuvumbwitsa anthu ena, iye ali pouma." Anaimirira n'kutsegula ambulera. "Mawa ndi Lamulungu. Nkhomaliro ndi wani koloko, khomo lakuseri. Patebulo panga sipakhala mowa. Philippa adzakhalapo. Ubwere, anene ali bwinobwino kuti ndi ndani."

Kumtunda kwa msewu kunaoneka nyali za basi, zikukhotakhota pakati pa mipanda.

"Ndiye muli mbali yanga?" anafunsa Bryony.

Mayi Enid anamuyang'ana kuchokera kutsitsi mpaka kunsapato, osafulumira.

"Usadzinamize, mwanawe. Chikho wachitsuka bwino. Koma ine ndikufuna Philippa."

Basi inaima, chitseko chinatseguka ndi kaphokoso kake. Munalibe munthu wina kupatula woyendetsa. Bryony anaponda sitepe yoyamba n'kucheuka.

"Ndibweretse chiyani?"

"Njala basi. Ndipo usachedwe, nyama yanga sidikira munthu."

Bryony anakakhala kumbuyo kwenikweni. Basi ikudutsa pa bala paja anaona Rowan atatulukira pakhomo, wopanda jekete, akuyang'ana uku ndi uku, foni ili pakhutu. M'thumba mwake munayamba kunjenjemera. Anadikira mpaka inasiya, kenako analemba.

*Mawa wani koloko, kwa apongozi ako. Ine ndi Philippa tidzakhalapo tonse awiri. Usamwe kanthu.*

Anaona kuti wawerenga. Anaona kuti wayamba kulemba. Anathimitsa foni asanamalize.